Makala a ku Chifunga ndi malonjezo a ku Baku

Lero ndati ndikambepo za chakudya ndi kusintha kwa nyengo, koma mundilole ndidzere ku makala, chifukwa kwathu kuno nkhani ziwirizi simungazilekanitse.

Kwa amene simunafikeko, boma la Neno lili pawiri. Kumtunda, cha kwa Dambe uko, kumazizira, mvula imagwa bwino ndipo anthu amalima mbatatesi ndi tirigu. Kumunsi kuno, ku Zalewa, ku Lisungwi mpaka kwathu ku Chifunga, ndi dziko la milambe ndi tsanya. Kumatentha koopsa. Mvula imabwera mochedwa, ndipo ikabwera imakonda kudula pakati, nthawi yeniyeni imene chimanga chikumasula. Komabe tonse timadzala chimanga, ndipo thandizo limene boma limatumiza kwa mlimi wa kuno ndi lomwelo limene limapita kwa mlimi wa ku Dedza: feteleza ndi mbewu ya chimanga.

Sindikunyoza makuponi ayi. Pamene malemu Bingu wa Mutharika ankayambitsa ndondomekoyi mu 2005, tinali titangochoka mu njala ya 2002 ndi chilala cha 2005, ndipo tonse tinaona nkhokwe zitadzaza mu 2006 ndi 2007. Tinagulitsa chimanga mpaka ku Zimbabwe, dziko lonse lapansi n'kumatiombera m'manja. Vuto ndi loti kuchokera pamenepo tinazolowera kuganiza kuti mankhwala a njala ndi thumba la feteleza basi. Dzina linasintha mu 2020 n'kukhala AIP, koma maganizo anali omwewo. Pomwetu zaka zokolola bwino zija mvula inagwanso bwino, ndipo zimenezi sitikonda kuzikumbukira.

Taonani zimene zinachitika mu 2024. Feteleza anali atakwera kale mtengo chifukwa cha nkhondo ya Russia ndi Ukraine imene inayamba mu 2022, kenaka mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Anthu kuno anagulitsa mbuzi, ena analowa ngongole, kuti apeze feteleza. Anadzala, anapalira, anathira. Ndiye mu Febuluwale kunachita ng'amba. Feteleza si madzi, abale anga. Pa nthaka youma amangotentha mbewu. Chimanga chinafota chili m'chiuno, ndipo mbuzi zija zinali zitapita kale. Mu Malichi, Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi, ndipo mabanja a alimi pafupifupi 2 miliyoni anakhudzidwa.

Tsono munthu amene munda wamukana amatani? Ganyu kulibe, chifukwa amene akanamulemba nayenso sanakolole. Amatenga nkhwangwa n'kulowera kutchire. Tsanya amatulutsa makala olemera, osatha msanga, amene amayi a ku Ndirande ndi ku Bangwe amawakonda. Matumba mumawaona m'mbali mwa msewu wa ku Mwanza aja, ambiri mwa iwo ndi ufa wa banja lina. Chaka chimenecho ndinkaona m'kalasi mwanga mipando ikuchepa anthu. Anyamata ena ankasowa masiku atatu kapena anayi, akabwera zikhatho zili bii, ndipo sindinkafunsa kumene anali.

Mu Fomu 3 timaphunzitsa za mpweya umene ukutenthetsa dziko, ndipo buku limatchula kudula mitengo ngati chimodzi mwa zifukwa zake. Tsiku lina mnyamata wina wofatsa anakweza dzanja n'kufunsa kuti, “Aphunzitsi, ndiye kuti bambo anga ndi amene akuthamangitsa mvula?” Anzake anaseka, koma iye sankaseka.

Ndinamuyankha kuti nkhaniyi ili mbali ziwiri. Mitengo ikatha, madzi a mvula salowa pansi, amangothamanga n'kukokolola nthaka, zitsime n'kuuma msanga. Matope amenewo amakathera mu Shire, kumene amakasokoneza makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Magetsi akazima, anthu a m'tauni amagula makala ambiri, ndipo bambo ake amabwereranso kutchire. Limenelo ndi bala lathu ndipo sitingalikane. Koma kutentha kwa dziko lonse ndi nkhani ina. El Niño amayambira ku nyanja ya Pacific ndipo anayamba kalekale, ndipo chilala si chachilendo, agogo athu amasimbabe za njala ya 1949. Chasintha ndi choti dziko latentha, choncho ng'amba ikabwera imapsereza kuposa kale, namondwe akabwera amasenza madzi ochuluka. Mpweya umene wachititsa zimenezi wachokera ku mafakitale, ku magalimoto ndi ku malasha a ku America, ku Ulaya ndi ku China. Africa yense akaphatikizana safika ngakhale pa 4 peresenti ya mpweya umene umatuluka pa chaka.

Chimene chimandipweteka ine ndi ichi: pa ndondomeko zonse zokhudza nyengo, imene imafika msanga kuno ndi yoletsa. Mu 2020 lamulo la za nkhalango linakhwimitsidwa, ndipo wopezeka ndi makala opanda chilolezo akhoza kulandidwa katundu, kulipitsidwa kapena kumangidwa kumene. Lamulolo silinavutike kupeza njira ya ku Chifunga. Nanga ndalama zimene mayiko olemera analonjeza? Ku Copenhagen mu 2009 anati pofika 2020 azidzapereka madola 100 biliyoni chaka chilichonse. Anakwanitsa mu 2022, ndipo gawo lalikulu linali ngongole. Ku Egypt mu 2022 anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza mayiko amene aonongekeredwa zinthu, ndipo ku Dubai mu 2023 analonjeza kuikamo madola pafupifupi 700 miliyoni. Ndalama zimenezo ndi za dziko lonse lapansi, pamene ife tokha, kuti tikonze zimene namondwe Freddy anaononga chaka chomwecho, tinkafunika pafupifupi ndalama zomwezo. Ku Baku mu 2024 anatchula madola 300 biliyoni pa chaka, koma pofika 2035. Ana ndikuphunzitsawa adzakhala ali ndi ana awo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndiyamikeko dziko la Scotland. Ndalama zawo zinali zochepa, koma Freddy atadutsa, mabanja ena a ku Nsanje anazilandira m'manja mwawo n'kumangira nyumba kumtunda. Ndiye kuti njira yofikira kwa munthu wa kumudzi ilipo ndithu, akafuna.

Ndikanakhala kuti ndafunsidwa, ndikanati kumunsi kwa Neno kuno tipatseni madzi kaye. Shire, Lisungwi ndi Wamkulumadzi amadutsa m'boma lathu lomwe lino, anthu n'kumagona ndi njala m'mbali mwake. Dzuwa limene limatiotcherali ndi lomwe lingayendetse pampu ya sola. Ndikanatinso kuponi izilola mlimi kusankha: wofuna feteleza atenge feteleza, wofuna mbuzi, mapaipi, mbewu ya nandolo kapena ya mapira atenge zimenezo. Anzathu a ku Kam'mwamba anasonyeza kale kuti malambe akhoza kusanduka juwisi wa m'botolo, mtengo n'kukhalabe chiimire.

Ifenso tili ndi kathu. Munthu adya mbatata, adya chinangwa, adya maungu, madzulo n'kumati lero sitinadye, chifukwa sanaone nsima ya ufa woyera. Mapira amapirira dzuwa kuposa chimanga, ndipo makolo athu kuno ankalima. Nditafunsa agogo ena oyandikana nawo chifukwa chimene anasiyira, anandiyang'ana n'kuseka. Anati, “Mapira amafuna mwana wokhala pa nsanja tsiku lonse kuingitsa mbalame. Ana onse munatenga ndinu aphunzitsi. Mukufuna ndizikathamangitsana ndi mpheta ineyo, ndi miyendo yangayi?”