Makanja wa ku America

Mawu akuti gule atawoloka Zambezi pamodzi ndi Achewa amene ankapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya Southern Rhodesia, anasintha maonekedwe. Ashona anaika r pamalo pa l, nawonjezera chi- ndi zvi- kumayambiriro kwake, motero kunabadwa chigure ndi zvigure. Tanthauzo nalonso linapendekeka. Kwa Mchewa, Gule Wamkulu ndi mwambo wa maliro ndi chinamwali, umene bungwe la UNESCO linaulemekeza mu 2005. Kwa anthu ambiri a ku Zimbabwe, zvigure ndi zinthu zoopsezera ana, zoyandikana ndi ufiti.

Ku Zimunya, kumwera kwa mzinda wa Mutare, kuli mkulu wina amene bambo ake anachokera ku Dedza. Iye anabadwira pafamu, analowa kudambwe ali mnyamata, ndipo wakalamba akumva anansi akutchula mwambo wa makolo ake monong'ona. Tsiku lina mpongozi wake, mayi wokonda mapemphero, anamubweretsera foni ya mwana wake nati, "Bambo, mdzukulu wanu walowa zausatana. Taonani zimene akumvera." Mufonimo munali chimbale cha Marilyn Manson chotchedwa Antichrist Superstar.

Chimbalechi chinatuluka mu Okutobala 1996, ndipo mmodzi mwa amene anachikonza ndi Trent Reznor wa gulu la Nine Inch Nails. Mayimbidwe ake ndi a industrial metal: magitala olemera osakanizidwa ndi phokoso la makina, longa la chigayo. Nyimbo zake zinasanjidwa m'zigawo zitatu zofotokoza nthano imodzi, ya munthu wonyozeka ngati nyongolotsi amene akusanduka woyimba wopembedzedwa, kenaka nawononga omupembedzawo. Mwini wake, Brian Warner, analumikiza dzina la Marilyn Monroe ndi la chigawenga Charles Manson kuti apange lake la pantchito. Pamakonsati ankang'amba Baibulo, ndipo magulu achikhristu ku America ankachita zionetsero kuti asayimbe m'mizinda yawo.

Mkulu uja anaonera kanema wa nyimbo ya The Beautiful People mpaka kumapeto. Ataona woyimbayo atatalika pamitengo, nkhope itapakidwa zoyera, anaseka nati, "Uyu ndi makanja." Sichinali chipongwe. Iye anazindikira luso limene analidziwa kuyambira ubwana: kuvala choopsa pofuna kunena zimene nkhope ya munthu wamba singanene. Ngakhale kubwereka zifaniziro za Chikhristu sikunali kwachilendo kwa iye. Nyau zitalimbana ndi amishoni, zinatulutsa Maliya ndi Simoni wa nkhope yofiira, ndipo anthu pabwalo ankaseka ulamuliro umene sakanauseka pamaso pa bwanamkubwa.

Mdzukulu anamusimbiranso za ku Columbine. Mu Epulo 1999 anyamata awiri anawombera anzawo ndi mphunzitsi pasukulu imeneyo ku Colorado, ndipo andale ndi atolankhani ambiri analoza chala Manson. Pambuyo pake zinadziwika kuti anyamatawo sanali okonda nyimbo zake. Apa mkuluyo anangogwedeza mutu, pakuti pafamu paja mbuzi ikasowa kapena mwana akadwala, oyamba kuganiziridwa anali a zvigure. Anthu akagwidwa ndi mantha amafuna nkhope yoti aiimbe mlandu, ndipo ya chilombo ndiyo imakhala pafupi.

Komabe iye sanafulumire kuyamikira. Anafunsa funso limodzi: "Akatha kuvina, amabwerera kudambwe la yani?" Funsoli lili ndi maziko ake. Gule satuluka mwa kufuna kwake. Amatuluka pamene mudzi wamuitana, amaperekezedwa ndi akuluakulu a mwambo, ndipo mfumu ndiyo mwini mzinda. N'zoona kuti zilombo zina zakhala zikumenya anthu m'misewu ndi kuthamangitsa ana asukulu. Koma zikatero pali bwalo limene mlandu umapita, pali akulu amene amalipiritsidwa. Ufulu wa gule wonyoza ndi kuopseza ndi wobwereka, ndipo obwereketsawo angathe kuulanda.

Chigoba cha Manson chinalibe mudzi woterowo. Eni ake anali iye mwini, kampani yogulitsa zimbale ndi khamu la olipira pakhomo, amene onse ankapindula chikamaopsa kwambiri. Mu 2021 katswiri wa mafilimu Evan Rachel Wood ndi amayi ena anamunena poyera kuti anawachitira nkhanza. Iye anakana, ndipo mu Januwale 2025 oimira boma pamilandu ku Los Angeles analengeza kuti samuzenga mlandu, ponena kuti nthawi yovomerezeka inadutsa pa ina ndipo umboni sunakwanire pa ina. Chodetsa nkhawa n'chakuti kwa zaka zoposa 20 dziko linakangana za chigoba, ena akuti n'cha Satana, ena akuti ndi sewero chabe, ndipo mbali zonse ziwiri sizinafunse za khalidwe la wochivala.

Mkuluyo anabweza foni kwa mwini wake. Kwa mpongozi anati, "Amake mwana, phokoso silinaphepo munthu. Ine ananditcha wa zvigure, koma ndi ine ndinalera mwamuna wanu." Mayiyo sanakhutire, ndipo ananena kuti apitiriza kumupempherera mwanayo. Kwa mdzukulu anati, "Iwe, mvera, koma usagwadire. Ukafuna kuona makanja amene ali ndi omudzudzula, ndikutengera ku Dedza ndisanafe."

Mnyamatayo amalankhula Chimanyika ndi Chingerezi, Chichewa amangochimva patalipatali. Mawu akuti dambwe anayamba kuwamva tsiku limenelo, ndipo anapempha agogo ake kuti amulembere papepala.