Liwu limodzi pamsewu

Aphunzitsi anzanga, inu ndi ine timadya za mawu, koma tsiku lina mawu anga omwe anatsala pang'ono kundiphetsera mwana.

Linali Lamulungu m'mawa ku Lilongwe. Tinapangana zokaonetsa ana chiliza cha Dr. Kamuzu Banda ku City Centre pa njinga zakapalasa, poti tsikulo magalimoto amachepa. Ndinakonzekera ndithu. Ndinapopa matayala, ndinayesa mabuleki, ndipo aliyense ndinamumanga chisoti mpaka lamba kugwira pachibwano. Wamng'ono, wazaka 4, ndinamukhazika pampando womangirira pakaliyala atavala nsapato zotseka, osati mapatapata, ndipo tayala lakumbuyo ndinalitchinga kuti phazi lisalowe m'masipoko. Amayi awo anatsogola, mnyamata wathu wazaka 8 pakati, ine pambuyo.

Tili m'njira, minibasi inatidutsa n'kukhotera kumanzere mwadzidzidzi kuti inyamule munthu. Ine ndinakuwa kuti: "Iwe, samala, ukuiona minibasi iyo, chepetsa liwiro ndipo usapite kumanja!" Mwanayo anacheuka kuti amve bwino zimene bambo ake akunena. Njinga imatsata maso a woipalasa, choncho inayamba kulowera pakati pa msewu. Amayi ake, amene anali ataima kale, anangoti: "Ima!" Pomwepo anagwira mabuleki n'kugwa. Galimoto ina inadutsa pafupi penipeni. Iye anangosupuka bondo.

Chiganizo changa chinali cholondola, chopanda cholakwika chilichonse pa malamulo a chiyankhulo. Vuto lake linali kutalika. Mwana amene akupalasa maganizo ake onse amakhala pa kusagwa, ndipo sanafike podziwa kuyerekeza liwiro la galimoto. Mukamupatsa malangizo anayi nthawi imodzi, amasiya msewu n'kuyamba kumvetsera inu.

Kuyambira pamenepo tili ndi mawu atatu okha apamsewu: "Ima", "Kumanzere", "Tsika". Tinawayeserera pabwalo la mpira mpaka thupi linazolowera, ndipo ndi a chiyankhulo chapakhomo, chimene mwana amamva asanaganize. Zofotokoza zonse timathera kunyumba: kuti ku Malawi, monganso ku Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, timayenda kumanzere; kuti minibasi ikaima timadikira pambuyo pake, osadzipanikiza pakati pa iyo ndi ngalande; kuti pa raundabauti ndi pa maloboti timatsika n'kuwoloka tikukankha njinga; kuti timabwerera dzuwa lisanalowe.

Inunso mukadzatuluka ndi ana, anu kapena a m'kalasi mwanu, sankhiranitu mawu anu atatu musanafike pamsewu, ndipo pakhale wamkulu mmodzi yekha wowanena.

Kuchiliza kuja tinakafikabe, tikukankha njinga. Mnyamatayo anaonetsa bondo lake kwa aliyense amene tinakumana naye, ndipo ine sindinayankhule zambiri.