Kutentha kwa m'galimoto yakale kumachokera kumapazi

Abale anga a ku Nkhotakota, makamaka inu oyendetsa mapikapu akale onyamula usipa ndi mpunga pamsewu wa M5, tamverani zomwe ndikuona kuno ku Joni.

Kuno alipo anthu amene amasamala galimoto zakale koopsa: Nissan 1400 yomwe anasiya kupanga mu 2008, Citi Golf yomwe inathera mu 2009. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, pamene nyanja yathu sifika ndi 500 omwe, ndiye kutentha kwa kuno n'kwachibwana tikayerekeza ndi Okutobala wa pa Chia kapena ku Dwangwa. Komabe iwowa ndi amene amalimbana nako, ife timangotsitsa magalasi n'kumapukuta thukuta.

Mwini galimoto akadandaula, makaniko wa kuno sayang'ana kudzuwa. Amavundukula kapeti. Chitsulo cholekanitsa injini ndi miyendo yanu chili ndi mabowo odutsa mawaya, ndipo timphira take tikafumbutuka mpweya wa ku injini umangolowa. Chimodzimodzi mphira wa pa giya ukang'ambika. Kunsi nako, pakati pa ekizozi ndi pansi pa galimoto, pamakhala kachilata kotchinga moto. Kwathu kakayamba kulira timakazula n'kutaya, kenako tidabwe kuti mapazi akupsa ngati tapondera pa mbaula. Kuno amakamanga ndi bawuti yatsopano n'kuyala chinsalu chokhala ndi aluminiyamu pansi pa kapeti. Chinsalucho ndi cha ndalama, inde, koma kudula tyubu yakale n'kutseka mabowo sikufuna ngongole.

Pa hita pokha ndiye tawaposa. M'galimoto zambiri zakale madzi otentha a injini amazungulira mpaka kuseri kwa dashibodi ngakhale mwazimitsa hita. Kuno sangaichotse chifukwa mu Juni ndi Julaye kumagwa chisanu, choncho amangoika kampopi kotseka paipi ya hitayo. Ku Nkhotakota hita ya chiyani? Lumikizani mapaipi awiri a hita ku injini komweko, madzi asalowenso mkati. Ingodziwani kuti nthawi ya mvula galasi likachita nthunzi mudzalipukuta ndi nsanza.

Chimene chimandinyansa ndi chizolowezi chochotsa thermostat ati injini izizizira. Injini ikamawira, vuto nthawi zambiri limakhala radiyeta yotsekeka ndi dzimbiri la madzi a pachitsime, kapena lamba wa fani wolefuka. Tsukani radiyeta, thiranimo coolant, thermostat muisiye.

Denga nalo: ngati nsalu yake inayoyoka, mutu wanu uli pansi pa chitsulo chosaphimba. Matanimo siponji ndipo kunja pakani penti yoyera. Poimika funani mthunzi wa mango, musiye kampata pagalasi.

Amakaniko a pa boma, musanauze munthu kuti galimoto yakalamba, yambani mwagona kunsi muone ngati kachilata kaja kalipo.