Osunga Makiyi a Malo Osewerera

Sabata ino tilingalire za anthu amene maina awo satchulidwa pamene chikho chikuperekedwa. Mpikisano wa achinyamata ukatha timatamanda wogoletsa zigoli, timanyamula mphunzitsi wa timu m'mwamba, koma sitifunsa kuti anatsekula malo osewerera ndani, ndiponso anatsalira ndani kufikira mwana womaliza atanyamuka ulendo wa kwawo.

Ku America kuli bungwe la achinyamata a Chikatolika lotchedwa Catholic Youth Organization. Analiyambitsa ku Chicago mu 1930 ndi Ambuye Episkopi Bernard Sheil, amene kale anali wansembe wotumikira akaidi m'ndende ya Cook County. M'ndendemo anaona anyamata amene moyo wawo unawonongeka chifukwa chosowa wowayang'anira, ndipo anatsimikiza mtima kuti Mpingo uziwapeza ana asanafike kumeneko. Bungweli linatchuka poyamba ndi masewera a nkhonya, pambuyo pake basiketibolo inafala kwambiri. Mpaka lero, m'madayosizi ambiri a dzikolo, ana amasewera m'maholo a sukulu za parishi m'miyezi ya chisanu, pamene kunja sikuseweredwa.

Holo yotere imafuna munthu wamkulu woiyang'anira, ndipo kawirikawiri amakhala kholo lodzipereka, losalandira malipiro. Khololi limafika ndi makiyi ena onse asanabwere, limayatsa magetsi, limaona olowa ndi otuluka, limabweza ana amene akuzembera ku makalasi opanda anthu, limaziziritsa mitima ya makolo ena akapsera mtima oyimbira masewero. Zonse zikatha limasesa, kuzimitsa magetsi ndi kutseka. Nthawi zina mwana wake yemwe amagoletsa iye osaona, popeza anali ataima pakhomo.

Udindowu unalemera kwambiri kuyambira mu 2002. Chaka chimenecho zinaululika, makamaka ku Boston, kuti ansembe ena ankagwirira ana ndipo akuluakulu ena a Mpingo ankabisa. M'mwezi wa June maepiskopi a dzikolo anakumana ku Dallas nakhazikitsa malamulo oteteza ana. Kuchokera pamenepo, amene amatumikira ana mu Mpingo, ngakhale odzipereka chabe, amafufuzidwa mbiri yawo ndi kuphunzitsidwa kuzindikira zizindikiro za nkhanza, ndipo malo ambiri salola kuti wamkulu akhale yekha ndi mwana kobisika. Mpingo unaphunzira mochedwa, ana ambiri atavulala kale, kuti choipa chimakula pamene palibe maso a munthu.

Komatu nzeru imeneyi inalipo kale mu Mpingo. Yohane Bosco Woyera, amene anabadwa mu 1815 namwalira mu 1888, ankaphunzitsa kuti wolera ana azikhala pakati pawo pa bwalo la masewera, kuti cholakwa chipewedwe chisanachitike m'malo modikira kuti apereke chilango. Ndipo mmodzi mwa oyamba kumuthandiza anali kholo, mayi ake omubereka, Margherita Occhiena. Mu November 1846, ali ndi zaka 58, mayiwa anasiya mudzi wawo ndi zidzukulu zawo kupita ku Valdocco mu mzinda wa Turin, kukaphikira, kukachapira ndi kukasokera anyamata amene sanawabereke. Zimanenedwa kuti tsiku lina anyamatawo, posewera, anapondaponda dimba lawo la ndiwo zamasamba, ndipo mayiwa anatopa nafuna kubwerera kumudzi. Mwana wawo sanayankhe kanthu, anangowalozera mtanda wopachikidwa pakhoma. Anakhalabe pomwepo mpaka imfa yawo mu 1856.

Ife kuno maholo otere ndi osowa. Ana athu amasewera mpira wa miyendo ndi wa ntchemberembaye pa bwalo la fumbi la sukulu ya pulayimale, pafupi ndi tchalitchi. Palibe chitseko chotseka ndi kiyi, choncho aliyense amafika, wabwino ndi woipa yemwe. Tidzifunse moona mtima. Lamulungu masana, Misa itatha ndipo akuluakulu tabalalika, amatsala ndi anawo ndani? Mnyamata akathyoka mwendo, amathamanga naye ku chipatala ndani? Masewera akatha dzuwa litalowa, ndani amaonetsetsa kuti mtsikana wochokera ku mudzi wakutali sakuyenda yekha? Nanga bambo wachilendo amene sabata iliyonse amaima pambali pa bwalo akugulira atsikana mandazi, alipo amene anamufunsapo kuti ndi ndani? Zoipa zambiri zimene timadzalira nazo pambuyo pake zimayambira pa maola amenewa.

Makolo athu anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mawuwa timawanena mosavuta pa maliro ndi pa ukwati, koma amayesedwa pa ntchito yotopetsa yokhala padzuwa maola atatu kuyang'anira ana a eni. Ntchitoyi siifuna ndalama kapena maphunziro. Mphakati uliwonse ukhoza kusankha makolo awiri, bambo ndi mayi, kuti azisinthana ndi a miphakati ina sabata ndi sabata. Afike masewera asanayambe, adziwe ana ndi maina awo, akhale ndi madzi akumwa, ndipo asachoke mwana wina akadali pa bwalo. Akhale awiri nthawi zonse, chifukwa kutero kumateteza ana komanso mbiri ya oyang'anirawo. Akaona chokayikitsa asabise poopa manyazi a parishi, koma adziwitse makolo a mwanayo, bambo mfumu, ndi apolisi ngati nkhaniyo ndi ya nkhanza.

Inunso achinyamata, mukaona mayi atakhala pansi pa mtengo akukuyang'anirani, musawatenge ngati kazitape wodzakusokonezani. Asiya ntchito zawo kunyumba chifukwa cha inu. Apatseni moni, amvereni akanena kuti nthawi yatha, ndipo inu okulirapo perekezani aang'ono.

Ambuye Yesu anadzitcha mbusa wabwino, amene sathawa nkhosa zake mmbulu ukafika. Tiwapempherere makolo onse ogwira ntchito yobisika imeneyi, ndipo pamene mphakati wathu udzafunsa odzipereka, dzanja lathu lisalemere kukwezeka. Yohane Bosco Woyera, mutipempherere ife.