Liwonde: Chambo Chinasowa, Mikango Inabwerera

Mlembi wa nkhani ino anakulira m'boma la Machinga m'zaka za m'ma 1980. Masiku amenewo munthu akati wapita pa Liwonde, kunyumba ankatsukiratu mphika. Basi yochokera ku Zomba inkati ikaima pafupi ndi baraji ya pa mtsinje wa Shire, anyamata ankaizinga ndi chambo chotunga pa mlaza, chikuphiriphithabe, ndipo oyendetsa magalimoto ang'onoang'ono ankachimangirira kunja pagalasi kuti chikafike ku Lilongwe chisanagage. Amayi ankakhala m'mbali mwa msewu ndi milamba yowamba komanso matemba a ku Chilwa. Aliyense wosuzumira pawindo ankatchulidwa bwana kapena amayi, ngakhale akhale mwana wasukulu wopanda khobidi m'thumba.

Chambocho chinkachokera kumtunda, ku nyanja ya Malombe ndi mumtsinje momwemo. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitachepa kwambiri. Makoka a maso ang'onoang'ono anakokolola udzu wapansi pamadzi momwe nsomba zinkaswanirana, asodzi anachuluka, ndipo m'Malombe munatsala kambuzi. Mu 1993 boma linayamba kukhazikitsa makomiti a m'madooko kuti asodzi okha azitetezera nyanja yawo, koma chambo cha masiku aja sichinabwerere. Lero nsomba zikugulitsidwabe pa Liwonde, inde, koma wogula wozindikira amafunsa kaye kumene zachokera, ndipo mtengo wake ndi woti mphunzitsi wa ku pulayimale amangoyang'ana n'kupitirira.

Tawuniyi inabadwa chifukwa cha madzi. Chigawo cha Shire chochoka ku nyanja ya Malawi kudzera m'Malombe mpaka ku Matope n'chodekha, chopanda mathithi. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1890 katundu wochokera ku Blantyre ankasenzedwa pamutu ndi atengatenga mpaka ku Matope, n'kukwezedwa m'sitima zapamadzi za kampani ya Mandala zopita ku Fort Johnston, kumene lero timati ku Mangochi. Sitimazo zinkadutsa pa Liwonde, pomwe Angerezi anamanga linga m'dera la mfumu ya Chiyao imene dzina lake ndi lomwe tawuniyi ikudziwika nalo. Kenaka nyanja inaphwa. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 madzi anasiya kutuluka m'nyanja kulowa mu Shire, mchenga ndi mabango zinatseka njira, ndipo ulendo wa sitima unathera pomwepo. Agogo ake a mlembi ankasimba kuti makolo awo ankalima chimanga pamalo pamene lero pamasambira mvuu, ndipo ana ankaziyesa nthano.

Kuopa kuti zoterezi zingachitikenso n'kumene kunabweretsa Kamuzu Barrage mu 1965. Zitseko zake 14 zimasunga kapena kutulutsa madzi kuti makina a magetsi a ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira asaime. Munthu woyatsa babu ku Ndirande kapena ku Area 25 mwina sadziwa kuti kuwala kwake kumadalira mmene zitseko za pa Liwonde zatsegulidwira tsiku limenelo. Pamwamba pa baraji panadutsa msewu, ndipo mu 1970 njanji yopita ku doko la Nacala inawoloka mtsinje pafupi pomwepo kulowera ku Nayuchi. Madzi, msewu ndi njanji zinakumana pamalo amodzi. Akuluakulu a mapulani anaona tawuni ya mafakitale, yokhala ndi doko pomwe katundu wochokera kunyanja angatsitsidwe m'sitima yapamadzi n'kukwezedwa m'sitima yapamtunda.

Doko limenelo mlembi analimva ali mwana, analimvanso ali mnyamata, ndipo akulimvabe imvi zitayamba. Malombe ndi nyanja yosaya, sitima zazikulu sizingadutsemo bwinobwino, choncho katundu wapanyanja ankakumana ndi njanji ku Chipoka. Nkhondo ya ku Mozambique inadula njira ya Nacala mu 1984, ndipo kwa zaka zingapo siteshoni ya Liwonde inangokhala zii. Msewu wa Zalewa utatsegulidwa, magalimoto ambiri a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe anasiya kuzungulira ku Zomba, ndipo amayi ogulitsa pa baraji anataya makasitomala awo olipira bwino. Pambuyo pake maboma osiyanasiyana anasintha nyimbo n'kuyamba kulonjeza doko lapamtunda, malo otsitsira ndi kukwezera makontena. Nalonso anthu a pa Liwonde akulidikirabe.

Njanji yokha ndiyo inadzuka, ndipo inadzuka mwamphamvu. Kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga njira yatsopano kuchokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize, kudutsa ku Mwanza ndi ku Neno mpaka pa Nkaya, n'kukonzanso yakale yodzera pa Liwonde. Njira yonseyo, kuchokera ku Moatize mpaka kunyanja ya mchere ku Nacala, ndi ya makilomita 912. Lero sitima za malasha za mabogi oposa 100 zimawoloka Shire usana ndi usiku. Mwana akhoza kuyamba kuwerenga mabogi, n'kutopa, n'kuyambanso masewera ake sitima isanathe. Koma malashawo si athu ndipo satsika pano. Amangodutsa ngati mkamwini wa mudzi wina, wopereka moni ali chiyendere. Chomwe chimatsika n'kukhalitsa ndi feteleza, poti pa Liwonde pali fakitale yosakaniza feteleza wobwera kudzera ku Nacala, ndipo mathiraki amafola pamenepo mvula ikayandikira.

Malonda enieni a tawuniyi ali m'manja mwa anthu wamba. Mpunga wa m'madambo a Chilwa, nandolo ndi mtedza wa ku Ntaja ndi ku Nsanama, zitenje ndi zakumwa zolowa kuchokera ku Mozambique, zonsezi zimasinthana manja pa Liwonde. Kabaza wa njinga yakapalasa wasanduka wa njinga yamoto. Pamene kale munthu ankadikira basi imodzi theka la tsiku, lero maminibasi ndi timagalimoto ta Sienta timalimbirana chikwama chake. Kutentha kokha n'kumene sikunasinthe. Mwezi wa Okutobala phula limafewa, ndipo ogulitsa madzi ozizira m'timapepala ndiwo amagona ndi ndalama.

Kusintha kumene mlembi sanakuyembekezere kunachokera kunkhalango. Liwonde National Park inakhazikitsidwa mu 1973 pa malo okwana masikweya kilomita 548 a mitengo ya tsanya, milambe ndi migwalangwa. Kwa ana a m'midzi yozungulira, paki sinali malo okaonako zinthu. Kunali kochokera njovu zimene zinkatha munda wa chimanga usiku umodzi, ndipo nthawi zina zinkapha munthu. Abambo ankagona m'misasa kumunda ndi moto ndi zitini zoimba. Ena ankalowa m'paki kukatchera makhwekhwe a waya kapena kukaponya maukonde, ndipo ng'ona zinatenga ambiri mwa iwo. Mikango inatheratu. Zipembere ziwiri zimene zinabwera kuchokera ku South Africa mu 1993 zinkasungidwa mumpanda wakewake kuopa opha nyama.

Mu 2015 boma linapereka pakiyi m'manja mwa bungwe la African Parks. Anamanga mpanda wa magetsi kuzungulira paki yonse, anazula makhwekhwe masauzande ambirimbiri, ndipo anachepetsa njovu zomwe zinali zitapanikizana. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndipo anthu anaima m'mbali mwa msewu kuonerera mathiraki ake akudutsa. Akakwiyo anabwera mu 2017, mikango mu 2018, zipembere zina 17 mu 2019, mimbulu mu 2021. Mu 2022 njovu zinanso 263 zinapita ku Kasungu, ndipo kumeneko anthu a m'malire a paki, mbali ya kuno ndi ya ku Zambia komwe, akhala akudandaula za minda yowonongeka ndi miyoyo yotayika. Mlembi akamva madandaulo amenewo amawakhulupirira, chifukwa mantha ake amawadziwa.

Komabe amasangalala, ndipo sabisa. Mpanda uja walola alimi ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka kugona m'nyumba zawo. Achinyamata amene makolo awo ankathamangitsana ndi agemu lero ndi alonda a paki, oyendetsa maboti, ophika ndi operekeza alendo ku Mvuu Camp ndi m'malo ena ogona alendo m'mbali mwa mtsinje. Chokondweretsa koposa n'chakuti m'maboti onyamuka pafupi ndi baraji simukhalanso azungu okhaokha. Loweruka mumadzaza magulu a amayi a mpingo, ana asukulu, ogwira ntchito m'mabanki a ku Blantyre ndi akwati odzajambulitsa. Amaona mvuu zitaunjikana, nkhwazi ikutsika pamadzi, njovu zikumwa madzi m'mabango phiri la Chinguni lili kumbuyo kwawo. Anthu obadwira pamtunda wa makilomita ochepa kuchokera pamenepo akuona njovu koyamba popanda kuthawa.

Ndalama ya alendo, ngakhale zili choncho, ili ndi njira zake. Mlendo wochokera kunja amalipiriratu zonse asananyamuke kwawo, amatsika m'galimoto n'kulowa m'boti, ndipo msika wa Liwonde amauona pawindo. Mayi wogulitsa mango sapeza kanthu pa iye. Mlembi amakhulupirira kuti tawuniyi ikanakhala ndi gombe losamalika la anthu onse, lokhala ndi mithunzi, zimbudzi zaukhondo ndi malo a osema ziboliboli ndi oluka madengu, alendo akanatsika n'kuyenda pansi. Pakali pano mbali yaikulu ya gombe labwino ili kuseri kwa mipanda ya malo ogona alendo.

Mtsinje nawo sunaleke kulamula. M'zaka za m'ma 2010 baraji inakonzedwanso ndi ndalama za World Bank, anamanga mlatho watsopano, n'kutchinga mtsinje ndi chingwe chogwira namasupuni ndi zinyalala zina zimene zimatseka makina a ku Nkula. Mu 2024 nyanja ya Malawi inadzaza kuposa mmene yakhalira kwa zaka zambiri, ndipo madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi m'mbali mwa Shire. Eni malowo anapempha kuti zitseko za pa Liwonde zitsegulidwe kwambiri. Akuluakulu oyang'anira madzi anayankha kuti kutero kungawononge makina a magetsi ndi kumiza midzi ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo anapitiriza kutulutsa madzi mwa muyezo.