Maina a Ana a ku Netherlands ndi Chiyambi Chake

Ntchito yanga yolemba ndi kufalitsa mauthenga a chitukuko imandikumanitsa ndi maina ambiri. Ena ndi a alimi a m'makalabu, ena ndi a anzathu a kunja amene timalemberana nawo makalata. Mwa onsewa, maina a anthu a ku Netherlands, dziko limene ambiri timalitcha Holland, ndiwo anandichititsa chidwi chifukwa cha kufupika kwake: Daan, Sem, Bram, Saar, Tess. Nditafufuza kumene anachokera, ndinapeza mbiri imene ingatipatse choganizira tonse amene timatcha ana maina.

Chaka ndi chaka, bungwe la boma la Sociale Verzekeringsbank, limene limapereka ndalama zothandizira makolo kulera ana, limatulutsa mndandanda wa maina amene apatsidwa kwa makanda ambiri. Kuyambira 2019 mpaka 2023 dzina lotsogola la anyamata linali Noah. Kwa atsikana, Emma ndi Julia ankasinthana: Emma anatsogola mu 2019, 2020 ndi 2022, pamene Julia anatsogola mu 2021 ndi 2023.

Noah ndi Nowa yemwe uja wa chingalawa, ndipo dzinali ndi la Chihebri, lokhudzana ndi mpumulo. Sem ndi Semu mwana wake, ndipo m'Chihebri mawuwa amatanthauza "dzina". Daan ndi chidule cha Danieli, kutanthauza kuti Mulungu ndiye wondiweruza. Bram ndi Abrahamu, Saar ndi Sara. Jan, dzina limene agogo ambiri a kumeneko ali nalo, linachokera kwa Johannes, ndiye Yohane, kutanthauza kuti Mulungu wachita chisomo. Choncho mayi wa ku Utrecht amene anatcha mwana wake Jan ananena zimene amanena mayi wa ku Dedza kapena ku Chipata potcha wake Chisomo. Mainawa anatifika ifenso kudzera m'Baibulo, ndipo Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922 linamasuliridwa motsogozedwa ndi W. H. Murray wa mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa, mpingo umene mizu yake ili ku Netherlands komweko.

Maina ena anachokera m'zilankhulo zakale za mitundu ya Chijeremani. Emma amachokera ku liwu lotanthauza chathunthu kapena chachikulu. Willem, dzina la mafumu awo, ndi mawu awiri olumikiza: chifuniro ndi chisoti chankhondo. Hendrik ndi wolamulira pakhomo. Julia ndi dzina la banja lina lotchuka la ku Roma wakale, Sophie ndi nzeru m'Chigiriki, ndipo Pieter ndi thanthwe, monga Petro. Alipo maina ena amene ndi mawu enieni a Chidatchi: Roos ndi duwa la rozi, Merel ndi mbalame ina yakuda yoimba bwino.

Chimene chinandikhudza koposa ndi mwambo wawo wakale wotchedwa vernoemen, wotcha mwana dzina la wachibale. Kawirikawiri mwana wamwamuna woyamba ankatenga dzina la agogo ake a kuchimuna, ndipo ana otsatira ankagawana maina a agogo a mbali zonse ziwiri. Mwana akamwalira ali wamng'ono, nthawi zambiri dzina lake linkapatsidwa kwa wobadwa pambuyo pake. Dzina lolembedwa pa ubatizo linkakhala lalitali, koma pakhomo ankamuitana ndi lachidule: Cornelis ankakhala Kees, Johannes ankakhala Jan kapena Hans. Ngakhale mwana woyamba wa Mfumu Willem-Alexander, amene anabadwa mu 2003, dzina lake ndi Catharina-Amalia koma amadziwika ndi la Amalia.

Kuyambira zaka za m'ma 1960 mwambowu unayamba kuzilala. Anthu ambiri anasiya kupita ku tchalitchi, mabanja anachepetsa ana, ndipo makolo anayamba kusankha dzina chifukwa chakuti likumveka bwino. Lero dzina la agogo, ngati laikidwa n'komwe, limakhala lachiwiri kapena lachitatu. Sindikuwaweruza, pakuti kutcha ana asanu a mudzi umodzi Jan kunali ndi zovuta zake. Koma ndikuona kuti dzina la agogo linali ngati chingwe chomangira mwana ku mbumba yake, ndipo chingwecho chikaduka, mdzukulu amasowa pofunsira kuti munthu amene akumuyimira anali wotani. Kwathunso azakhali ndi agogo amene ankatcha mwana dzina potuluka m'chikuta akuchepa mphamvu, ndipo maina ambiri tsopano akuchokera pa wailesi ya kanema ndi ku mpira.

Maina a mabanja awo ali ndi nkhani yawonso. Mu 1811, dzikolo lili pansi pa ulamuliro wa Napoleon, lamulo linakakamiza aliyense amene analibe dzina la banja lokhazikika kuti alembetse. Ambiri mwa mainawa amanena za ntchito kapena kholo: De Boer ndi mlimi, Visser ndi msodzi, Bakker ndi wophika buledi, Jansen ndi mwana wa Jan. Mlimi mnzanga, dziwani kuti ku Netherlands kuli mabanja ochuluka amene amatchedwa ndi dzina la ntchito imene mumagwira.

Lero lino khanda likabadwa kumeneko, liyenera kulembetsedwa ku ofesi ya boma pasanathe masiku atatu, ndipo wolemba ali ndi mphamvu yokana dzina losayenera. Makolo amatumiza kakalata kolengeza dzina kwa abale ndi anansi, ndipo odzaona mwana amalandiridwa ndi buledi wouma wowazidwa tinjere totsekemera, tofiirira ngati ali wamkazi, tobiriwira ngati thambo akakhala wamwamuna. Chifukwa cha kaundula ameneyu, bungwe la Meertens Instituut la ku Amsterdam limatha kuonetsa mmene dzina lililonse lakwerera kapena kutsikira pa zaka zoposa 100.

Ife ogwira ntchito m'midzi timakumana ndi ana amene dzina lawo lili lina ku sikelo, lina ku sukulu, linanso ku tchalitchi, ndipo akakula amavutika kupeza chiphaso kapena kutsimikizira kuti munda wa makolo ndi wawo. Tikamayendera mabanja amene alandira mwana, tiwalimbikitse kulembetsa dzina limodzi m'kaundula wa boma mwanayo akadali khanda. Tiwafunsenso kuti anatcha dzinalo ndani ndipo chifukwa chiyani, kuti yankho lake lisungidwe agogo akadali moyo.