Kale mwala sunkatayidwa ku Thyolo

Tiyi atayamba kudzalidwa ku Thyolo mu 1908, asanalimbane ndi udzu, olima ankayamba alimbana ndi miyala. Minda ngati Satemwa, womwe Maclean Kay anaukhazikitsa mu 1923, inatsegulidwa ndi mapiki ndi thukuta la makolo athu. Chimwala chikakanika, ankachisonkhera moto mpaka chitenthe, kenaka n'kuchithira madzi ozizira kuti ching'ambike. Inali ntchito yowawa m'masiku a thangata, ndipo zimenezo sitingazikometse. Komabe makolowo anali ndi nzeru yosiririka: mwala uliwonse ankaupezera pake.

Ikuluikulu inkalowa m'maziko a nyumba ndi timilatho. Yapakati ankaiyala m'ngalande kuti madzi a mvula asakokolole nthaka pamtsetse. Zibenthu zotsala ankazithira m'misewu ya m'minda kuti ngolo zisatitimire m'matope ofiira aja. Wochokera ku phiri, mwala unkatsala pomwepo kuti ugwirize phirilo.

Lero mwala ndi kwale, ndipo kwale ndi ndalama. Yendani pamsewu wochoka ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, mudzaona amayi atakhala pambali pa milu ya miyala, hamala ili m'manja, akuswa kuyambira m'mawa kudikira wogula pa wilibala. Ku Njuli, m'boma la Chiradzulu, makina amagaya pa ola limodzi zimene mayi sangaswe pa mwezi. Ngakhale fumbi la kwale lapeza msika, makamaka kuyambira 2018 pamene boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu, anthu n'kutembenukira ku mabuloko a simenti. Pamenepo mitengo yapumako. Nako ku Wales, kumene mwala wa sileti wofolera nyumba unasiya milu ya zinyalala yotalika ngati mapiri, tsopano amagaya zotsalazo n'kumangira misewu.

Nanga tataya chiyani? Tataya chisamaliro. Wokumba wa lero akangodzaza lole, amasiya dzenje lili kukamwa yasa, madzi n'kudikhamo, udzudzu n'kuswana, ana n'kumasewera m'mphepete. Woswa miyala alibe chotchinga maso kapena mphuno, pomwe fumbi la mwala limaumitsa mapapo pang'onopang'ono ndi kutsegulira khomo chifuwa chachikulu. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anationetsa ife a kumwera kuno zimene madzi amachita pa phiri lovulidwa mitengo ndi losokonezedwa nthaka.

Sitikufuna kubwerera ku thangata, koma nzeru ija tiitole. Mafumu, khonsolo ya Thyolo ndi eni minda ya tiyi agwirizane kuti wokumba aliyense azikwirira dzenje lake ndi zotsala, ndipo ogula kwale azilipira mtengo woti mayi woswa uja athe kudziteteza. Inu amene mukumanga nyumba chaka chino, funsani kumene kwale wanu wachokera musanapereke ndalama.